Wataya mpira katatu ali ndi zaka 19: tingadziwe bwanji ngati Bo Nix wina ali panjira kapena wafika pothera?

Pa 31 Ogasiti 2019, mumzinda wa Arlington ku Texas, mnyamata wa zaka 19 dzina lake Bo Nix analowa m'bwalo koyamba atavala yunifomu ya timu ya mpira wa ku America ya yunivesite ya Auburn. Anaponya mpira maulendo 31, koma unafika m'manja mwa anzake maulendo 13 okha. Kawiri konse anaponyera adani. Ndiye kutangotsala masekondi 9 kuti gemu ithe, anaponya mpira wautali umene mnzake Seth Williams anawakha n'kuchinya nawo, Auburn n'kugonjetsa Oregon 27-21. Usiku umenewo aliyense anabwerera kwawo atanyamula umboni wa zimene ankakhulupirira kale. Omukonda ankati mwana uyu ali ndi mtima wachitsulo. Omukayikira ankaloza mipira 18 imene inapita kolakwika.

Patapita masabata asanu, timuyi inapita ku Florida, kubwalo kumene masapota amasokosa mpaka wosewera osamva mawu a mnzake amene ali pambali pake. Nix anaponyera adani katatu, Auburn n'kuluza 24-13. Apa ndiye okayikira aja anayamba kulankhula mokweza.

Funso limene makochi, atolankhani ndi akatswiri osaka osewera amalimbana nalo chaka chilichonse ku America ndi lomweli: mwana akalakwitsa chonchi, kodi ndi ubwana umene udzatha, kapena ndi mmene alili basi? Kuti funsoli limveke, tiyambe ndi ntchito imene mwanayo wapatsidwa, chifukwa ife ozolowera mpira wamiyendo tikhoza kuiona ngati yophweka.

Mu mpira wa ku America timu imakhala ndi anthu 11 m'bwalo, ndipo imapatsidwa mipata inayi yoti isunthe mpira mayadi 10. Ikakwanitsa imapatsidwa mipata ina inayi, mpaka ikafike kumapeto kwa bwalo n'kuchinya chigoli chimene amati touchdown, cha mapointi 6. Pafupifupi ulendo uliwonse mpira umayambira m'manja mwa munthu mmodzi, quarterback. Kutsogolo kwake kumaima anthu asanu amatupi akuluakulu omutchingira. Iye ali ndi masekondi osakwana atatu, nthawi zambiri, oti aone mmene adani aimira, ayang'ane mnzake woyamba, akapeza kuti watsekeredwa ayang'ane wachiwiri, mwinanso wachitatu, kenako aponye mpira kumalo kumene mnzakeyo sanafike koma adzakhala atafika mpirawo ukamatera. Zonsezi akuchita pamene anthu olemera makilogalamu oposa 120 akumuthamangira kuti amugwetse. Adani nawonso sagona: amaima mosonyeza kuti atchinga mwakuti, mpira ukangoyamba amasintha. Kusekondale mwana ngati Nix, amene ankaphunzitsidwa ndi bambo ake enieni a Patrick Nix ku Pinson Valley m'chigawo cha Alabama, amakhala waluso kuposa aliyense m'bwalomo moti ngakhale atachedwa kuganiza, mkono wake umamuwombola. Kuyunivesite, makamaka m'ligi ya SEC imene Auburn imasewera, mpata umene unali wotseguka kwa sekondi yathunthu umatsekeka m'kuphethira kwa diso.

Vuto lachiwiri ndi loti magemu ndi ochepa. Sizoni ya mayunivesite imakhala ndi magemu 12, kuwonjezapo ochepa a kumapeto kwa amene achita bwino. Mwa 12 amenewo, angapo amakhala olimbana ndi matimu ofooka amene sakuuzani chilichonse. Choncho mwana akasewera magemu asanu, umboni weniweni umene muli nawo mwina ndi magemu awiri. Munthu woweruza mlandu ndi mboni ziwiri zotsutsana ayenera kuyenda pang'onopang'ono.

N'chifukwa chake akatswiri enieni sayamba ndi kuwerenga zolakwa. Amayamba ndi kuzipatula, chifukwa papepala zonse zimalembedwa mofanana koma pakanema n'zosiyana kutalitali. Taganizani mipira itatu yogwera m'manja mwa adani. Woyamba waponyedwa bwinobwino, wamenya mnzake m'manja, wadumpha, mdani n'kuutola m'malere. Papepala ndi quarterback amene walakwa, koma chilungamo chake alibe mlandu. Wachiwiri: woponya ankayembekezera kuti mnzake akhotera kunja, mnzakeyo wakhotera mkati. Wina mwa awiriwo wasokoneza, koma woonera pa TV sangadziwe ndani pokhapokha atadziwa zimene kochi anawauza. Wachitatu: woponya wayang'anitsitsa munthu mmodzi kuchokera pachiyambi, wotchinga waona maso ake, wadikira, mpira n'kumupeza pachifuwa ngati mphatso. Uwu wokha ndiwo mlandu wake weniweni. Ndiyeno pali wachinayi umene sulembedwa paliponse: mpira woponyedwa mosaganiza, wolunjika kwa mdani, mdaniyo n'kulephera kuuwakha. Papepala zimangooneka ngati mpira wagwa pansi. Kampani ya Pro Football Focus, imene imaonera ndi kupereka malikisi pa ulendo uliwonse wa mpira, imawerengera mipira yoteroyo kwa woponya ngakhale mdani waugwetsa, ndipo siimusenzetsa mlandu wa mpira umene mnzake wautaya. Zimenezi zimathandiza kuchotsa mwayi ndi tsoka pa nkhaniyi, ngakhale owerengawo nawonso sadziwa zonse zimene zinakambidwa m'chipinda cha makochi.

Mukapatula chonchi, funso lotsatira ndi limene ine ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa onse: kodi akubwereza cholakwa chomwechomwecho, kapena akulakwitsa zatsopano? Mwana amene wapusitsidwa ndi katchingidwe kena mu Seputembala, n'kukazindikira mu Novembala, akuphunzira, ngakhale chiwerengero cha zolakwa zake chisanatsike, chifukwa adani akum'bweretsera mayeso atsopano sabata iliyonse. Koma amene akugwera m'dzenje lomwelo kachinayi ndiye wodetsa nkhawa. Izi simungazione pa gemu imodzi. Muyenera kuika makanema a miyezi yosiyana pambali ndi pambali, ntchito yotopetsa imene masapota alibe nayo nthawi.

Kwa Nix, zimene ankadzudzulidwa nazo ku Auburn sizinali kuchuluka kwa mipira yotaya. M'chaka chake choyamba anaponya ma touchdown 16 ndipo anaponyera adani 6 okha, theka lake pa gemu ya ku Florida ija. Anasankhidwa kukhala wosewera watsopano wabwino koposa mu SEC, ndipo timu yake inagonjetsa Alabama 48-45, gemu imene kwa anthu a ku Auburn ndi yofunika kuposa sizoni yonse. Vuto linali miyendo. Ankathawa pamalo ake otetezedwa zinthu zisanavute, ankaponya akubwerera m'mbuyo thupi lisanakhazikike, ndipo mipira yake yofika kwa anzake inali 57.6 pa 100 iliyonse. Chaka chachiwiri inali pafupifupi 60, chachitatu 61. Kusuntha kwake kunali kwa kamba. Munthu amene akanati mu 2021, atamuonera zaka zitatu, "uyu wafika pamene angafike," sakanakhala wopusa. Umboni unali kumbali yake.

Koma taonani zimene zinkachitika momuzungulira. M'zaka zitatu zimenezo anakhala ndi makochi atatu osiyana oyendetsa kasewero kakutsogolo: Kenny Dillingham mu 2019, Chad Morris mu 2020, ndi Mike Bobo mu 2021. Kochi wamkulu amene anamulemba, Gus Malzahn, anachotsedwa ntchito mu Disembala 2020, m'malo mwake munalowa Bryan Harsin. Kusintha kochi m'masewerowa sikuli ngati kusintha woimba wezulo pa tirening'i. Mayina a kasewero kalikonse amasintha, kayendedwe ka miyendo kamasintha, dongosolo la amene uyambe kumuyang'ana limasintha. Zili ngati mwana wasukulu amene chaka chilichonse akuyamba kuphunzira m'chilankhulo chatsopano, ndiye inu mukudabwa kuti bwanji masamu ake sakupita patsogolo. Quarterback amene akuganizabe tanthauzo la mawu amene wauzidwa amachedwa ndi theka la sekondi, ndipo theka la sekondi limenelo ndi limene limamuchititsa kuthawa ndi kuponya akubwerera m'mbuyo. Chimene chikuoneka ngati vuto la miyendo nthawi zina chimakhala vuto la m'mutu, ndipo vuto la m'mutulo nthawi zina si lake.

Mu Seputembala 2021, Auburn ikuvutika ndi timu yaing'ono ya Georgia State pabwalo lake lomwe, Nix anatulutsidwa n'kukhala pabenchi, T.J. Finley n'kulowa kudzapulumutsa gemu. Kwa mwana amene bambo ake anali quarterback wa yunivesite yomweyo m'zaka za m'ma 1990, amene anakula akulota yunifomu imeneyo, zinali zamanyazi. Sabata yotsatira anabwezeretsedwa, ndipo ku Baton Rouge anatsogolera timu kugonjetsa yunivesite ya LSU 24-19, koyamba Auburn kupambana kumeneko chichokereni 1999. Pa gemu imeneyo pali ulendo wina umene anthu amaonerabe: anazemba adani angapo, uku ndi uku, ngati nkhuku yothawa ana, kenako n'kuponya touchdown. Chodabwitsa n'chakuti ulendo umenewo ndi khalidwe lomwe lija ankadzudzulidwa nalo. Likagwira ntchito amati luso, likalephera amati kusamvera. Apa m'pamene ntchito yoyesa wosewera imavutira: kawirikawiri chimene chimamulakwitsa ndi chimene chimamupambanitsa zimamera pa muzu umodzi, ndiye simungazule china osagwedeza chinzake. Chimene akatswiri anaphunzira pa masabata awiri amenewo si za mkono wake ayi, koma kuti akanyozeka amabwera ali wokonzeka. Mu Novembala anathyoka pakakolo pa gemu ya Mississippi State, sizoni yake n'kuthera pomwepo.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kale wosewera wofuna kusintha yunivesite ankayenera kukhala chaka chathunthu osasewera, koma malamulowa anafewetsedwa mu 2021, ndipo Nix, amene anali atamaliza kale digiri yake, anapita ku Oregon, timu yomwe ija anaigonjetsa pa tsiku lake loyamba. Kumeneko anakapeza Dillingham, kochi wake wa chaka choyamba. Gemu yoyamba inali yolimbana ndi Georgia, akatswiri a dziko lonse panthawiyo, ndipo Oregon inakunthidwa 49-3, Nix ataponyera adani kawiri. Amene ankati "vuto si Auburn, ndi iyeyo" anaseka. Koma pofika kumapeto kwa sizoni ya 2022 mipira yake yofika inali pafupifupi 72 pa 100, ndipo mu 2023 inafika 77.4, chiwerengero chimene panalibe anali atachifikapo pa mlingo wapamwamba wa mayunivesite. Chaka chimenecho anaponya ma touchdown 45, n'kuponyera adani katatu kokha m'sizoni yonse, zofanana ndi zimene anataya masana amodzi ku Florida. Anakhala wachitatu pa mpikisano wa Heisman, mphotho ya wosewera wabwino koposa.

Nkhaniyi ikanakhala yokoma kuithera apa, koma kutero n'kunama. Ziwerengero za ku Oregon nazonso zimafunika kupatulidwa monga mmene tinapatulira za ku Auburn. Omutchingira ake anali abwino kwambiri moti adani anamugwetsa kasanu kokha m'sizoni ya 2023. Kasewero ka timuyo kankadalira mipira yaifupi yofulumira, yambiri yoponyedwa kwa munthu amene ali pambali pomwepo kuti iye athamange nayo, ndipo mipira yotere n'njosavuta kufikitsa. Komanso anali ndi zaka 23, akusewera ndi ana a zaka 19 ndi 20, chifukwa mliri wa Covid-19 unachititsa kuti osewera apatsidwe chaka chowonjezera. Anamaliza atayamba magemu 61, ochuluka kuposa quarterback aliyense m'mbuyo mwake. Choncho Nix wa ku Auburn ankaoneka woipa kuposa mmene analili, ndipo wa ku Oregon ankaoneka wabwino kuposa mmene analili. Munthu weniweniyo anali penapake pakati, ndipo ntchito ya woyesa ndi kupeza malo amenewo. Chimene chinali chenicheni, chosadalira anzake, chinali chakuti anasiya kuthawa popanda chifukwa ndipo ankatulutsa mpira pa nthawi yake. Zimenezo zimaoneka pakanema ngakhale mutabisa ziwerengero.

Tsopano titembenuze chikhatho, chifukwa pali msampha wina. Timakonda kukumbukira amene anayamba moipa n'kudzuka, ndiye timaganiza kuti kudekha kumapindula nthawi zonse. Ambiri oyamba moipa amangothera pomwepo, ndipo mayina awo sitiwakumbuka n'komwe. Komanso kuyamba bwino kumanamiza chimodzimodzi. Christian Hackenberg analowa ku Penn State mu 2013 ali wotamandidwa ngati Nix, ndipo chaka chake choyamba chinali chabwino kuposa cha Nix: ma touchdown 20, mipira yoponyera adani 10, mayadi pafupifupi 3,000. Anthu anayamba kumutchula ngati wodzasankhidwa koyamba mu NFL, ligi yaikulu ya akatswiri kumene matimu amasinthana kusankha osewera ochokera kumayunivesite. Kenako kochi wake Bill O'Brien anapita kukagwira ntchito ku timu ya NFL ya Houston Texans, kasewero kanasintha, omutchingira anafooka, ndipo mu 2014 anagwetsedwa maulendo oposa 40, n'kuponya ma touchdown 12 ndi mipira yotaya 15. Omuikira kumbuyo ananena zomwe ndanena za Nix zija: si iyeyo, ndi zomuzungulira. New York Jets inakhulupirira, n'kumusankha pa nambala 51 mu 2016. Sanasewerepo gemu ya ligi ya NFL ngakhale imodzi. Kusiyana kwake kunali pakanema: Hackenberg ankaphonya ngakhale mipira yaifupi, pamene palibe amene akumuthamangira, mnzake ali yekhayekha. Chodzikhululukira cha omutchingira ofooka chimagwira ntchito pa maulendo amene akuthamangitsidwa okha. N'chifukwa chake akatswiri amayang'ana padera maulendo amene woponya ali pamtendere. Akaphonya pamenepo, palibenso wina woloza chala.

Kodi ndiye kulunjika n'kobadwa nako? Kwa zaka zambiri anthu a masewerowa ankatero, kuti wosalunjika kuyunivesite sadzalunjika konse. Josh Allen anawasokoneza. Ku yunivesite ya Wyoming mipira yake yofika inali 56 pa 100, timu ya NFL ya Buffalo inamusankhabe pa nambala 7 mu 2018, chaka choyamba anatsika kufika pa 53, koma mu 2020, atakonza kaimidwe ndi katembenuzidwe ka thupi lake komanso atapatsidwa owakha abwino, anakwera mpaka 69. Kuyambira pamenepo matimu akhala akufunafuna Allen wina, ndipo ambiri apsa zala. Maganizo anga ndi akuti kuphonya kochokera kumiyendo n'kokonzeka ngati mwiniwakeyo ali ndi khama lochita chinthu chimodzimodzi maulendo masauzande, pamene kusaona bwalo, kuchedwa kuzindikira zimene adani akuchita ngakhale patapita zaka zitatu, n'kovuta kwambiri kukonza. Mkono wamphamvu ndi liwiro zimangogulira mwana nthawi yoti aphunzire. Sizimuphunzirira.

Pali zina zimene woonera pa TV sangazione, ndipo makochi amazilemekeza kuposa ziwerengero. Akalakwitsa, pobwerera kubenchi amatha kufotokoza chimene anaona? Mwana amene akuti "ndimaganiza kuti wotchinga uja atsatira mnzanga wa mkati, koma anaima" walakwitsa ali maso, ndipo kochi ali ndi poyambira. Amene akuti "sindinamuone" kapena wongokhala chete ndiye wovuta. Chinanso ndi ulendo wotsatira: kodi akataya mpira amayamba mantha n'kumangoponya yaifupi yopanda phindu, kapena amafuna kubweza zonse pa mpira umodzi n'kutayanso? Zonse ziwiri n'zizindikiro zoti cholakwa chapitacho chikumulamulirabe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi yodikira ikucheperachepera. Kale mwana ankatha kukhala chaka choyamba osasewera, akuphunzira, popanda kutaya chaka pa zinayi zimene amaloledwa kupikisana, ndipo ambiri ankayamba kusewera ali m'chaka chachitatu. Mwayi umenewo ulipobe, koma kuyambira Julayi 2021 osewera amaloledwa kupanga ndalama kudzera m'mayina awo, ndipo kusintha sukulu n'kosavuta. Kochi amene ntchito yake ili pachingwe sangadikire mwana zaka zitatu pamene akhoza kutenga wamkulu wokhwima kuyunivesite ina. Mwana naye akaikidwa pabenchi amalongedza. Ufulu umenewu ndi umene unapulumutsa Nix, ndiye sindingaunyoze. Koma zotsatira zake n'zakuti yunivesite imene inapirira zolakwa za mwana si imene imadya zipatso zake. Auburn inalipira sukulu, Oregon n'kukolola.

Mu Epulo 2024 timu ya NFL ya Denver Broncos inasankha Nix pa nambala 12, ali ndi zaka 24, ndipo ambiri anati kochi Sean Payton wafulumira. Magemu awiri oyambirira anaponyera adani kanayi, popanda touchdown yoponya ngakhale imodzi. Yoyamba inabwera pa gemu yachinayi, mumvula, tsiku limene anaponya mayadi 60 okha. Mafunso a 2019 aja anabwerera onse, mawu ake omwewo. Payton sanamutulutse. Pofika kumapeto kwa sizoni Nix anali ataponya ma touchdown 29 ndi mipira yotaya 12, ndipo Denver inapambana magemu 10 mwa 17 n'kulowa m'ndime ya chipulula koyamba chichokereni sizoni ya 2015. Kumeneko, mu Januwale 2025, inakumana ndi Buffalo ya Josh Allen, n'kuluza 31-7.